Akuti tikakumane kunyanja, bwanji osati kunyumba kwake?

Kalata iyi yatha milungu itatu ndisanaiyankhe. Ndimaitsegula, kuiwerenga mpaka kumapeto, n'kutseka laputopu. Yachokera kwa mayi wina wa ku Zomba amene wandipempha kuti ndisamutchule dzina. Mnzake wa ku sekondale, amene ankafunda naye bulangete limodzi ku hositelo nthawi ya chisanu, wakhala ku Cape Town zaka 11 ndipo chaka chilichonse amamuitana kuti abwere adzaone. Chaka chino mayiyu watenga pasipoti, wasunga ndalama ku banki m'khonde, wamuuza mnzakeyo mwezi ndi tsiku. Kuyambira pamenepo mauthenga akumayankhidwa patapita masiku, ndipo womaliza unali woti, "Ukafika tidzakumane Lamlungu kunyanja ku Sea Point." Za kogona, za kunyumba, zii. Ndiye akundifunsa: kodi akuchita nane manyazi? Ndipite, kapena ndalamazi ndingogulira feteleza?

Achemwali, mwandiponda pa bala. Ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambe ndadzera kutali, chifukwa funso lomweli ndinadzifunsapo ndili ndekha m'kachipinda kolipira mumzinda womwewo, mu February 2018, ndipo yankho limene ndinadzipatsa usiku umenewo linali lolakwika.

Ine kwathu ndi ku Nkhotakota, kufupi ndi doko. Ndinali ndi mnzanga amene tinakhala pa desiki imodzi kuyambira Sitandade 5 mpaka Folomu 4. Masamu amene ndikudyera lero anandiphunzitsa ndi iyeyo, pamchenga, akulemba ndi kamtengo, mafunde n'kumabwera kudzafufuta. Posambira panalibe womuposa. Ilala ikaima patali ife tinkaionera pagombe, iye ankasambira kukazungulira maboti otsitsa anthu aja n'kubwerera osachita wefuwefu. Mayeso a Folomu 4 anakhoza kundiposa. Koma bambo ake anamwalira chaka chomwecho, pakhomo panatsala mayi ndi azichemwali ake atatu, ndiye ine ndinapita ku koleji, iye n'kuyamba geni ya usipa. Mu 2006 anakwera basi ya ku Joni. Ku Johannesburg sanakhalitseko, anatsetserekera ku Cape Town kumene kunali kale anyamata ena akwathu.

Zimene tinkaona ife kuno ndi izi. Nyumba ya mayi ake inafoleredwa malata. Azichemwali ake awiri anamaliza sukulu. Pa Facebook pankabwera zithunzi, lero waima kutsogolo kwa Table Mountain, mawa watsamira galimoto yoyera ku Waterfront atavala jekete yachikopa. Maliro akagwa pamudzi chipepeso chake chinkafika tsiku lomwelo kudzera pa Mukuru. Anthu ankati mwana uja zake zinayera. Ndipo tikamacheza pa foni mawu otsiriza sankasintha: "Aise, udzabwere udzaone nyanja yeniyeni."

Nditatenga tchuthi n'kunena kuti ndikupitadi, mbiri inawanda msanga. Mayi ake anandipatsira kathumba ka usipa wouma ndi mpunga wa faya, osawonjezerapo mawu ena koma moni. Ena onse anabwera ndi mawu. Msuweni akufuna foni. A komiti ya kutchalitchi akufuna thandizo la simenti. Malume akuti amupezere ntchito mwana wawo amene wasiyira sukulu Folomu 2. Mlamu wina nsapato za mpira, nambala 9. Poopa kuiwala ndinagula kope la ana asukulu n'kulembamo zonse, dzina ndi chofuna chake. Zinakwana 14. Ndinkaona ngati ndikugwira ntchito ya chibale.

Amene anayendapo pa basi njirayi akuidziwa: Blantyre, Mwanza, Zobue, kuoloka Zambezi pa Tete dzuwa likuswa mtengo, Nyamapanda, Harare usiku, mzere wautali wa pa Beitbridge, kenako Park Station ku Johannesburg. Kuchoka apo pali makilomita enanso pafupifupi 1,400 kudzera ku Bloemfontein ndi chipululu cha Karoo. Ndinafika Lachinayi miyendo itatupa. Tili m'njira cha ku Beaufort West uthenga unalowa pa foni: wandipezera malo ogona otchipa ku Observatory, adiresi nayi, iye watanganidwa, tidzaonane Lamlungu ku Muizenberg, ndikangotsika sitima nyanja ili pomwepo.

Ndinauwerenga kanayi. Kwathu munthu wochokera kutali sumuuza kuti tidzakumane kumsika. Umamulandira katundu, umamuikira madzi kubafa, umamuphera nkhuku ngakhale ikhale yomweyo ya mbewu. Ine ndatha masiku panjira, usipa wa mayi ake uli pamiyendo, iye n'kundipatsa adiresi ya nyumba ya alendo? Mlandu wake ndinauzenga ndekha mumtima n'kugamula. Ndinati wasanduka mzungu. Ndinati akuopa kuti ine wochokera kumudzi ndikamuchititsa manyazi pamaso pa anzake a m'tauni.

Masiku awiri aja ndinayenda ndekha mumzinda. Ndi wokongola, sindingakane. Phiri lija laima kumbuyo kwa nyumba zosanja ngati chipupa, pamwamba pake pali see, ndipo mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ikaomba, mtambo umadzayala pamwambapo n'kumalendewera m'mbali ngati chitenje choyanika. Ndinaima pa Grand Parade kuyang'ana khonde la City Hall pamene Nelson Mandela analankhulira pa 11 February 1990, tsiku limene anatuluka m'ndende. Ndinadutsa kwa amayi ogulitsa maluwa pa Adderley Street, ndinakhala pa benchi mu Company's Garden agologolo akudutsa m'miyendo. Mwezi umenewo mzinda unali pa chilala choopsa. Madamu anali atatsala pang'ono kuphwa, munthu mmodzi ankaloledwa malita 50 okha patsiku, ndipo paliponse panali zikwangwani za Day Zero, tsiku limene ankati mipopi idzatsekedwa. Kumene ndinkagona anaika ndowa m'bafa kuti madzi osambira tizikathira kuchimbudzi. Zonsezi maso ankaona, koma mtima unali pa uthenga uja. Pakati pa anthu miyandamiyanda, mmodzi amene ndinamudzera sakuoneka. Loweruka madzulo ndinakafunsa mtengo wa tikiti yobwerera Lolemba.

Lamlungu ndinakwera sitima. Rondebosch, Claremont, Wynberg, Retreat, kenako fungo linasintha tisanaone kalikonse. Siteshoni ya Muizenberg ili m'mphepete penipeni, mafunde umawamva usanatsike. Apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa ndinkayesa kuti nyanja ndimaidziwa. Yathu ija si yamasewera, kutalika kwake kumaposa makilomita 500, ndipo mwera ukakwiya umameza mabwato ndi anthu omwe. Koma yathu kukacha bwino umaona mapiri a ku Mozambique kutsidya, umadziwa kuti kumeneko kuli anthu, akuphika, akuyanika makoka ngati ife. Pa Muizenberg mapiri ali kumanzere, ena kumanja cha ku Simon's Town, koma pakati pali pakamwa potseguka, ndipo kupitirira pamenepo kulibenso mudzi mpaka ku Antarctica. Ndinatunga ndi dzanja kuti ndilawe, monga amachitira aliyense wa kwathu akafika koyamba. Mchere unandiluma mpaka kukhosi.

Chimene chinandizunguza mutu kwambiri ndi kapumidwe kake. Yathu imakwera kamodzi pachaka mvula ikatha, n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka chilimwe. Iyi imabwera ndi kubwerera kawiri patsiku, mwezi wakumwamba ndi umene umaikoka. Pamene ndinaika nsapato pouma, posakhalitsa panali thovu. Pagombe pali tinyumba ta matabwa topaka utoto wofiira, wachikasu, wobiriwira, ana akuphunzira kuimirira pa thabwa pamwamba pa funde, ndi mbendera yochenjeza za shaki, chifukwa paphiri pamakhala anthu olembedwa ntchito yongoyang'ana m'madzi ndipo akaiona amaliza sayirini. Amati madzi a mbali ino ndi ofundirako poyerekeza ndi a ku Sea Point ndi Camps Bay. Ine ndinaviika phazi n'kulichotsa msanga.

Anachedwa ndi ola ndi theka. Ndinamuzindikira ndi kayendedwe, nkhope yokha ndikanaiphonya. Anali atawonda, imvi zitayamba m'mbali, munthu wa zaka 36. Jekete yachikopa ija anavala, koma nsapato zinali za kuntchito. Tinakumbatirana, ndipo dzanja lake litagwira langa linali ngati khungwa la mtengo. Iye, "Aise, wanenepa." Ine, "Iwe wakula." Mawu n'kuthera pomwepo. Zaka 12 si masiku. Anagula nsomba ndi tchipisi, tinakhala pakhoma la simenti n'kumafunsana za anthu amene tonse tinkadziwa kale kuti ali bwanji. Ndinamufunsa ngati amasambiramo. Anapukusa mutu. Zaka zonsezo anali asanalowemo ngakhale kamodzi. Anati Lamlungu ndi tsiku lochapa ndi kugona, kenako anawonjezera kuti, "Madzi awa sandidziwa."

Ndinatulutsa kathumba kaja. Anamasula mfundo imene mayi ake anamanga ndi kansanza ka chitenje, n'kulowetsamo nkhope yonse. Anakhala choncho nthawi yaitali. Atadzutsa mutu maso anali psu, ndipo anayamba kulankhula ngati munthu wakale uja. Anakumbutsa za mphunzitsi wathu wa masamu amene ankatikwapula ndi rula kumbuyo kwa zala, za usiku umene tinazemba kunyumba kukakwera bwato la siginala n'kubwerako m'mawa tikununkha parafini, za nkhungu zimene tinkakola ndi lichero. Tinaseka mpaka odutsa kucheuka. Bwenzi nditasiyira pomwepo.

Koma ndinatulutsa kope lija. Ndinawerenga dzina loyamba, foni. Lachiwiri, simenti. Lachitatu, mwana wa malume. Ndikuwerenga choncho ndinaona munthu akubwerera mkati ngati nkhono yoikhudza. Sanakwiye. Anangoti, "Pitiriza, ndikumva," maso ali kunyanja. Sindinapitirize. Patapita kanthawi anaimirira, kusasa mchenga pa thalauza, n'kunena kuti, "Tiye ukaone kumene kumachokera simentiyo."

Mphindi zochepa chabe pa minibasi kuchoka pa tinyumba tokongola tija pali Vrygrond, kumene ambiri amangoti Capricorn. Amalawi aliko ochuluka moti Chichewa, Chiyao ndi Chitonga umazimva pamsewu. Anandilowetsa kuseri kwa nyumba ina ya njerwa, pa kanyumba ka malata ndi matabwa. Ankagonamo atatu, mabedi awiri, wachitatu woyala pansi. Chinsalu chodula chipinda pakati, kasitovu ka magetsi pamwamba pa bokosi, masutikesi kunsi kwa bedi. Mphepo inkalowetsa mchenga m'ming'alu moti mbale ankazisunga zovundikira. Galimoto yoyera ija inali ya abwana ake a Lachiwiri. Ntchito yake ndi ya m'maluwa, ku Constantia ndi ku Tokai, nyumba ina Lolemba, ina Lachiwiri, choncho. Chilala chija chinali chitamudula miyendo, chifukwa kuthirira kapinga ndi madzi a mumpopi kunaletsedwa, ndipo mabwana awiri anamuuza kuti ayambe wadikira mvula, imene kumeneko imagwa nthawi yozizira. Pa sabata ankagwira masiku atatu. Mwezi umenewo ndalama ya mankhwala a mayi ake anali atatumizabe, lendi n'kukongola.

Mapepala ake anatha kalekale. N'chifukwa chake sanabwere pa maliro a mchemwali wake wamkulu mu 2015, pamene ife kumanda tinkanong'onezana kuti ndalama zamuiwalitsa kwawo. Akanangotuluka pachipata akanamudinda chiletso cha zaka 5, ndipo onse amene amadyera m'manja mwake akanagona ndi njala. Malirowo anawamvera pa foni atakhala pa bedi lomwelo. Ine ndinali mmodzi wa onong'ona aja, ndipo ndinamuuza.

Anaphika nsima ya ufa wa m'sitolo, usipa n'kuuthira tomato ndi anyezi, anaitana anzake awiri aja ndi mayi wina wa ku Mangochi woyandikana nawo. Usipa wa mayi ake, umene akanatha kuubisa n'kumadya pang'onopang'ono mwezi wathunthu, theka lonse linatha usiku umodzi. Titasamba m'manja ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze. Anati, "Ndikanakuuza kuti chiyani? Watsala ndiwe wekha amene umandikumbukira ndili wa nambala wani."

Lolemba sindinabwerere. Ndinasamuka ku Observatory n'kukagona pansi m'kanyumba kaja masiku atatu. Lachitatu analibe ganyu, ndiye tinapita ku Kalk Bay kukaona maboti a asodzi, zinyama za m'nyanja zija zotchedwa seal zitagona padoko kudikira matumbo a nsomba. Anaima nthawi yaitali kuyang'ana mmene amamangira zingwe, akudzudzula mfundo zina ndi kuyamikira zina. Pobwerera tinadzera pa St James, pamene anamanga khoma m'madzi kuti pakhale dziwe losambiramo. Anavula malaya osanena kanthu. Anakuwa ndi kuzizira, kenako mikono inakumbuka yokha.

Tsopano ndibwere kwa inu, achemwali. Mnzanu sakuchita manyazi ndi inu. Werenganinso uthenga wake. Sea Point ndi dera la nyumba zosanja za anthu andalama, ndipo amayi ambiri ochokera m'maiko ena amagwira ntchito m'nyumba zoterozo, kuchapa, kulera ana, kusamala okalamba. Wogonera konko amapatsidwa kachipinda, lamulo loyamba n'loti alendo ayi, ndipo tsiku lopuma ndi Lamlungu. Woyendera amachokera kutali, ku kanyumba ngati kamene ndinagonamo ine. Mnzanu wakupatsani tsiku lokhalo limene lili lake, pamalo okhawo pamene salipira ndipo palibe angamuuze kuti mlendo wako atuluke. Gombe limenelo ndiye pabalaza pake. Ndipo nalonso silinangopezeka. Magombe abwino a mzinda umenewu anali a azungu okha nthawi ya tsankho, ndipo mu 1989 Desmond Tutu anatsogolera anthu kukaponda mchenga woletsedwa. Kukhala pamenepo amayi awiri akuda, kumacheza Chichewa, si kanthu kakang'ono.

Apa ndilankhule mosapsatira. Bodza la ku Joni timaliumba ndife otsala kumudzi, iwo amangolipaka utoto. Munthu akangooloka Limpopo timamuchotsa m'gulu la anthu amene amadwala, amene sopo amawathera, n'kumuika m'gulu la mabanki. Tikamuimbira, moni ndi wa masekondi khumi, kenako "paja". M'magulu a WhatsApp a pabanja zopereka zikamagawidwa, wa kunja amalembedwa kawiri kapena katatu kuposa wa ku Lilongwe amene ali pa ntchito ya penshoni. Akanena kuti zinthu zathina timati wayamba kuumira. Akakhala chete timati watchona. Ndiye atani? Amatsamira galimoto ya abwana n'kujambulitsa, chifukwa chithunzi chimenecho ndi chimene tinamutuma. Kenako tsiku lina mnzake wa paubwana n'kunena kuti ndikubwera, pa deti yakuti. Mukuganiza kuti munthu ameneyo amaona tulo?

Si za lero izi. Agogo anga aamuna anapita kumigodi kudzera ku Wenela n'kubwerako ndi njinga, wailesi ndi bokosi lachitsulo lojambula maluwa. Mudzi wonse unabwera kudzaona bokosi. Chifuwa chimene ankatsokomola usiku mpaka kufa nacho panalibe anachifunsa, ndipo nawonso za pansi pa nthaka sankazikamba, ankangosimba za magetsi a mu Johannesburg. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa pa Francistown ku Botswana n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu opita kumigodi. Ulendo sunathe, unangosintha njira. Siteji ya basi ku Blantyre mpaka lero imatchedwa Wenela. Mu 2008 ndi mu 2015 tinaona mabasi akubweretsa abale athu othawa zipolowe zodana ndi obwera, ena atangonyamula jumbo m'manja. Tinawalandira ndi misozi, patangotha milungu ingapo tinayamba kuwafunsa kuti abwerera liti.

Mumzinda womwewo muli mbiri imene mnzanga uja anali asanaimvepo, ndipo inenso ndinaidziwa mochedwa. Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira ku Nkhata Bay, wophunzira ku Livingstonia, anafika ku Cape Town mu 1918. Mu 1919 anayambitsa bungwe la apantchito la ICU pakati pa onyamula katundu padoko, ndipo mu December chaka chomwecho anatsogolera sitiraka padokopo. Pofika mu 1927 bungwelo linali ndi mamembala pafupifupi 100,000. Anamwalirira ku East London mu 1951. Mnyamata wa kunyanja kwathu anaphunzitsa eni dziko kukweza mawu pa malipiro. Lero mukatsegula masamba otsatsa ntchito pa intaneti ku Cape Town, mawu oti Mmalawi amabwera pafupi ndi oti wam'maluwa, wokhulupirika, wolimbikira. Kukhulupirika n'kwabwino ndipo ndimanyadira nako. Koma munthu ameneyu kuntchito sadandaula poopa kuchotsedwa, kumudzi sadandaula poopa ife. Nanga azikatulira kuti?

Sindikuyeretsa onse. Alipo amene amabwera pa Khirisimasi ndi galimoto yobwereka, kugulira mowa bala yonse, n'kumauza ana a Folomu 3 kuti sukulu n'kutaya nthawi, kumeneko ndalama n'zotola. Amenewo ndimawadzudzula pamaso. Bodza lobisa umphawi wako ndi lina, lokokera mwana wa mnzako m'dzenje ndi linanso. Koma mnzanuyo sanakuitaneni kuti mudzakhale, anakuitanani kuti mudzamuone. Ndipo ndikukhulupirira kuti chaka chilichonse pamene ankanena kuti bwera, ankanenetsa. Munthu amatha kulakalaka mnzake ndi mtima wonse, n'kumanjenjemeranso ndi mtima womwewo poganiza za tsiku limene adzafikedi.

Nanga mupite?

Ngati ndalamayo ndi yokhayo ya feteleza, yambani mwathira kumunda, njala siimva za chinzake. Ngati ilipo ina, pitani. Pezani malo ogona nokha ndipo mulipire nokha, kenako mulembereni mawu ochepa: malo ndapeza kale, usavutike ndi chilichonse, ndikungofuna ndikuone nkhope Lamlungu. Muone mmene mayankho ayambire kubwera msanga. Ndi pasipoti ya Malawi amadinda masiku osapitirira 30, yang'anani deti imene alembayo musanachoke pachipata ndipo musaipyole, chifukwa kupyola kumabweretsa chiletso cha chaka kapena kuposa. Tengani juzi ngakhale chikhale chilimwe, mphepo ya kumeneko siseka ndi munthu. Ku Sea Point kuli njira yaitali yoyendamo wapansi m'mphepete mwa nyanja, yendani mmenemo, nkhani zovuta zimatuluka bwino anthu akamayenda moyandikana kusiyana ndi atakhala moyang'anizana. Mutengereni za pakamwa za kwathu, usipa, Nali, tiyi wa Chombe, chimene mukudziwa kuti ankachikonda. Aliyense wobwera ndi uthenga wa foni kapena simenti mumukanire muli kuno, musanyamule kope. Musafunse kuti umakhala kuti. Akafuna kukugulirani chakudya musalimbane naye, mulandire ndi manja awiri. Akakutengerani kwawo, foni ikhale m'chikwama, ndipo zimene mukaone kumeneko ndi zake, si zodzasimba ku banki m'khonde.

Anthu 14 aja nditabwerako ndinawauza kuti mauthenga awo sindinapereke. Ena mpaka lero moni wawo ndi wa pamwamba pa mano. Zimenezo sizindisowetsa tulo. Kumene ndinkaopa n'kwa mayi ake. Ndinawapeza atakhala pakhonde la nyumba ya malata ija akusenda chinangwa. Titalonjerana anati, "Mwamuona mnzanu?" Ndinati ee mayi, ndamuona, ali bwino, akupereka moni, usipa uja tinadyera limodzi. Anapitiriza kusenda. Kenako, osandiyang'ana, anafunsa kuti, "Nanga manja ake ali bwanji?"

Mawu anandikanika. Iwo anagwedeza mutu, anaika mpeni m'beseni, n'kulowa m'nyumba kukanditungira madzi akumwa.